Zolemba za ntchito yokwatitsa maluwa a gladiolus ku Mzuzu, chaka chachitatu

Chino ndi chaka chachitatu chiyambire kukwatitsa maluwa a gladiolus pa kamunda kathu ka ku Lupaso, ndipo cholinga chathu chikadali chomwe chija: kupeza mtundu umene ungapirire matenda a dzimbiri m'nyengo ya dzinja popanda kuupopera mankhwala sabata ndi sabata, koma wokhala ndi phesi lalitali ndi maluwa oti okongoletsa maukwati ndi matchalitchi angawagule. Makolo ali mbali ziwiri. Mbali imodzi kuli mitundu itatu yochokera kunja, woyera, wapinki ndi wofiira, imene maluwa ake ndi aakulu koma masamba ake amapsa ndi dzimbiri mvula ikakhazikika. Mbali inayo kuli Gladiolus dalenii, duwa lakutchire lofiirira ngati lalanje, limene limamera lokha m'thengo ndi m'mbali mwa minda kuno ku mapiri a Viphya.

Okutobala

Tatulutsa anyezi m'filiji. Pa munda pano timati anyezi ponena chotupa cha pansi pa nthaka chimene gladiolus amaphukirapo, ngakhale kuti mukachidula pakati mulibe magawomagawo ngati a anyezi wa ndiwo. Ndi tsinde lolimba lodzaza chakudya, limene limatha chaka chilichonse n'kusiya lina latsopano pamwamba pake, pamodzi ndi tiana tambiri m'mbali. Anyezi wongokumbidwa kumene amakhala chigonere osaphuka, ndipo njira yodziwika yomudzutsira ndiyo kumusunga pozizira madigiri 4 kapena 5 kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo. Magetsi anazima kangapo m'miyezi imeneyi, koma anyezi ambiri atuluka ali bwino. Tataya khumi ndi mmodzi amene titawadula tinapeza pakati pawo pali pofiirira ndi powola, chizindikiro cha matenda a Fusarium, ndipo tawatentha osati kuwaponya pa dzenje la kompositi, chifukwa nthenda imeneyi ikalowa m'nthaka imakhalamo zaka zambiri.

Chaka choyamba tinabzala mitundu yakunja yonse tsiku limodzi, ndipo pamene duwa lakutchire linkatsegula, yakunjayo inali itafota kale kupatula mapesi awiri a woyera amene anachedwa. Gladiolus wa m'minda amachita maluwa patapita masiku 70 mpaka 100 chibzalire, malinga ndi mtundu wake ndi kukula kwa anyezi, pamene wakutchire amamvera mvula yokha. Chaka chino tagawa anyezi wakunja m'magulu anayi oti tizibzala motalikirana masiku khumi, kuyambira sabata yomaliza ya mwezi uno, kuti tsiku lililonse limene wakutchire angatsegule lipeze mnzake ali wokonzeka. Tikubzala mozama masentimita 12, motalikirana masentimita 15, pa mabedi okwezeka othira kompositi wowola bwino.

Novembala

Magulu onse anayi ali m'nthaka ndipo tikuthirira ndi keni podikira mvula. Mfuko yadya anyezi asanu ndi awiri a mtundu wofiira pa bedi la kumunsi. Tasamutsira kutali mzere wa nyemba umene unali kumpanda, popeza nsabwe za m'masamba zimatenga kachirombo ka matenda a mawangamawanga pa nyemba n'kukathira pa gladiolus, ndipo anyezi akatenga kachirombo kameneka tiana take tonse timakhala nako.

Tabzalanso magulu ena awiri ofunika kwambiri pa ntchito yonseyi. Gulu loyamba ndi ana 46 a ukwati wa chaka choyamba, woyera wakunja ndi wakutchire, amene anyezi awo tsopano akula mokwanira kuchita maluwa. Gulu lachiwiri ndi tianyezi ta njere za chaka chatha, taking'ono ngati nzama, timene chaka chino tingotulutsa masamba okha. Aliyense ali ndi nambala yake yolembedwa pa kachitsulo kodula ku chitini, chifukwa inki ya pa pulasitiki inatifufutikira ndi dzuwa chaka chatha.

Januwale

Wakutchire watsegula sabata yachitatu ya mwezi uno, ndipo gulu lachiwiri ndi lachitatu la akunja anakumana naye bwino. Anyezi athu akutchire tinawakumba m'mbali mwa munda wa mkulu wina wa m'dera lomwe lino atatiloleza, ndipo ndikulemba zimenezi chifukwa ena amene anawerenga zolemba za chaka chatha anafunsa ngati tinakatenga ku Nyika. Ku Nyika ndi malo otetezedwa kumene munthu saloledwa kuzula chomera, ndipo maluwa a kumeneko, pamodzi ndi mitundu ya orchid yoposa 200, ali kale pa vuto ndi okumba chinaka, chakudya chopangidwa ndi zotupa za pansi pa nthaka za ma orchid.

Kakwatitsidwe kake n'kosavuta kufotokoza koma kamafuna kulawirira. Duwa la gladiolus lili ndi timitu titatu ta mungu ndi kaphesi kamodzi kachikazi kokhala ndi nthambi zitatu kunsonga. Timitu ta mungu timakhwima poyamba, pamene nthambi zachikazi zimatambasuka ndi kuyamba kunyata patapita tsiku limodzi kapena awiri. Pa duwa limene tikufuna likhale mayi timachotsa timitu ta mungu madzulo lisanatsegule, n'kuliphimba ndi kathumba ka nsalu yopyapyala kuti njuchi ndi timbalame ta milomo yaitali toyamwa timadzi ta m'maluwa tisatitsogolere. Nthambi zija zikatambasuka, timatenga kamutu ka mungu ka bambo ndi kachitsulo kopanira n'kupaka pa nthambizo m'mawa mame atauma, kenaka n'kuphimbanso ndi kumangirira kapepala kolembapo mayi, bambo ndi tsiku. Pa phesi limodzi timangokwatitsa maluwa atatu kapena anayi a m'munsi n'kudula nsonga, kuti chakudya chipite ku njere.

Vuto la Mzuzu ndi loti m'mwezi uno mame sauma msanga ndipo mvula imatha kugwa masiku atatu osalekeza. Mungu ukanyowa umaphulika n'kufa. Tayamba kuthyola timitu ta mungu tisanang'ambike n'kutiumitsa m'nyumba pa pepala, kenaka n'kutisunga m'kabotolo kotseka bwino m'filiji pamodzi ndi timikanda toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo mungu wotere watigwirira ntchito ngakhale patapita sabata.

Chimene chimandisangalatsa pa ntchito imeneyi n'chakuti ukwati umene tikumangawu ndi wa pachibale. Mitundu ya gladiolus yakutchire ilipo pafupifupi 300, ndipo yochuluka ndi ya kummwera kwa Africa. Gladiolus dalenii yemweyu, amene dzina lake likukumbutsa Cornelius Dalen wa ku munda wa zomera wa ku Rotterdam, anatengedwa kupita ku Ulaya ndipo anali mmodzi mwa makolo a haibulidi yotchedwa gandavensis, imene Louis van Houtte anayamba kugulitsa ku Ghent m'dziko la Belgium mu 1841, ndipo mitundu ya maluwa aakulu imene ili m'misika lero inachokera mu mzere umenewo. Pambuyo pake mtundu wachikasu wa duwa lomweli, wopezeka pafupi ndi mathithi a Victoria, unawonjezera mitundu yachikasu ndi yalalanje. Okwatitsa a ku Ulaya ankasankha kukula kwa duwa ndi kuwala kwa mtundu wake m'mayiko momwe dzimbiri lathuli munalibe, pamene kholo lotsala kuno lakhala ndi nthendayi dzinja lililonse.

Febuluwale

Mwezi uno ndiwo mutu wa ntchito ya chaka chonse. Dzimbiri la gladiolus limayamba ndi kafangasi kotchedwa Uromyces transversalis, kamene kwawo ndi kummwera ndi kummawa kwa Africa, ndipo kanafika ku Florida ndi ku California mu 2006. N'losavuta kulizindikira, chifukwa timatuza take ta ufa wachikasu timandanda mopingasa tsamba osati motsata utali wake, ndipo pakapita nthawi timada bii. Limakonda tsamba lonyowa maola ambiri pa nyengo yosatentha kwambiri, zimene mzinda wokhala pamtunda wa mamita oposa 1,200 ngati Mzuzu umapereka mosaumira. Tsamba likapsa msanga, phesi limafupika ndipo anyezi watsopano sakula, kotero kuti mlimi amaluza chaka chino ndi chamawa chomwe.

Pa mabedi a makolo tikupopera mankhwala a Dithane monga mwa nthawi zonse kuti timatumba ta njere tikhwime, koma pa mabedi a ana sitipopera chilichonse. Kuwonjezera apo, pakati pa mizere iwiri iliyonse ya ana tinabzala mzere wa wapinki wakunja, amene amadwala msanga kuposa onse, kuti akhale wofalitsa nthendayo ndipo pasapezeke mwana wozemba mayeso. Bambo amene amatithandiza kulima, amene anagwirapo ntchito m'minda ya khofi zaka zambiri, sanagwirizane nazo poyamba. Tsiku lina ataona mzere wa wapinki utachita psuu anandifunsa kuti, "Achimwene, mankhwala ali m'nyumbamo, nanga bwanji tikungoonerera maluwa akupsa chonchi?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, tikapopera onse aoneka athanzi, ndipo sitidziwa kuti wolimba ndi uti." Anangopukusa mutu, koma lero ndi iwo amene amandiitana akaona tsamba loyamba kugwidwa.

Timayendera ana onse Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo aliyense timamupatsa nambala yochokera pa 0 kufika pa 5, pamene 0 ndi tsamba lopanda kanthu ndipo 5 ndi tsamba louma theka ndi dzimbiri. Timayang'ana tsamba lachitatu ndi lachinayi kuchokera pansi, mbali zonse ziwiri, ndipo timalemba anthu awiri aliyense payekha tisanafananize, chifukwa ndinazindikira kuti diso langa limachitira chifundo mwana amene ndamuona kuti ali ndi phesi labwino. Sabata yoyamba tinasokonezeka ndi nsonga za masamba zimene zinkauma pa bedi limodzi, koma panalibe ufa, ndipo bedi limenelo ndi limene tinathirapo feteleza wa superphosphate wotsala. Gladiolus sagwirizana ndi fluoride wopezeka mu feteleza wotereyu, ndipo amapsa nsonga. Zimenezo sitinaziwerengere ngati dzimbiri.

Pofika kumapeto kwa mwezi, wapinki anali pa 5 paliponse, woyera wosapopera amene tinamusiya kuti tizifanizira anali pa 4, ndipo wakutchire anali ndi timatuza towerengeka pa masamba akale okha. Ana 46 aja anamwazikana pakati pa makolo awo, ambiri pa 2 ndi pa 3, ndipo anayi okha, nambala 8, 22, 31 ndi 40, sanapitirire pa 1. Kumwazikana kotereku kumandipatsa maganizo oti kupirira kwake sikuchokera pa chinthu chimodzi chotengera kumakolo koma pa zingapo zophatikizana, ndipo ngati zili choncho tidzafunika ana ochuluka pa ukwati uliwonse kusiyana ndi mmene tinkaganizira. Ndikudziwanso kuti nambala 40 ali kumapeto kwa bedi kumene mphepo imaumitsa masamba msanga, kotero kuti kuyera kwa tsamba lake kukhoza kukhala kwa malo osati kwa magazi.

Malichi

Ana a chaka choyamba achita maluwa, ndipo palibe awiri ofanana. Izi n'zoyembekezereka, popeza gladiolus wa m'minda ali ndi magazi osakanikirana kwambiri, kotero kuti njere iliyonse imatuluka ndi nkhope yakeyake. Apa ndi pamene ntchito yathu imasiyana ndi ya chimanga cha haibulidi chimene mlimi amagula chaka chilichonse: ife tikapeza mwana mmodzi wabwino, timamuchulukitsa ndi tiana ta anyezi wake, ndipo tonse timatuluka chimodzimodzi ngati mmene zimakhalira ndi mbeu ya chinangwa. Ngakhale mayi anali woyera, palibe mwana woyera amene watuluka. Ambiri ndi alalanje lotuwa, ena achikasu okhala ndi timizere tofiira, ndipo oposa theka atengera wakutchire pokhala ndi tsamba la pamwamba la duwa lowerama ngati chipewa, limene limabisa nkhope ya duwa.

Nambala 14 ndiye watiika pa mayeso. Duwa lake ndi lalikulu, lotseguka bwino, la mtundu wa papaya wakupsa wokhala ndi pakhosi pachikasu, ndipo maluwa asanu ndi limodzi anatsegula nthawi imodzi pa phesi lowongoka. Mayi wina amene amakongoletsa maukwati m'tauni muno, amene tinamuitana kuti atithandize kuona ndi diso la wogula, sanafune kuchoka pa bedi limenelo, ndipo anati, "Bambo, enawa muzikhala nawo, koma ili lokha mundigulitse ngakhale lero." Koma m'buku mwathu nambala 14 ali pa 4. Tikamusankha ndiye kuti tapanga mtundu wina wofuna mankhwala ngati itatu imene tili nayo kale, ndipo zaka zitatu zapita pachabe. Ndamusunga m'chitini chapadera kuti mwina adzakhale kholo pa ukwati wina, koma sali pa mndandanda wa osankhidwa, ndipo ndikuvomereza kuti ndinalemba chiganizo chimenechi mtima ukukana.

Mwa anayi olimba aja, 31 ndiye ali ndi phesi lalitali, lopitirira mita imodzi, lokhala ndi maluwa 13, ngakhale ndi ang'onoang'ono, otalikirana ndi owerama. Mayi aja atamuona anati ndi duwa lakutchire lovala nsapato. Sanalakwitse, ndipo n'chifukwa chake tamukwatitsanso ndi woyera wakunja, kuti zidzukulu zitengeko kukula kwa duwa, ngakhale tikudziwa kuti kubwerera kwa kholo lakunja kudzachepetsa chiwerengero cha zidzukulu zopirira ndipo mayeso a dzimbiri adzayambiranso pa chiyambi. Takwatitsanso 31 ndi 22 kuti tione ngati kupirira kwa awiriwa kungaunjikane mwa mwana mmodzi.

Tayesanso kukhalitsa kwa maluwa m'madzi. Tinadula mapesi m'mawa maluwa awiri a m'munsi atangoonetsa mtundu, n'kusiya masamba anayi pa chomera kuti anyezi apitirize kukula, ndipo tinawaimika chilili m'mabotolo, chifukwa phesi la gladiolus likagonekedwa nsonga yake imapindikira m'mwamba ndipo siiwongokanso. Nambala 31 anatsegula maluwa ake mpaka kunsonga, pamene 8 anasiya atatu omaliza osatsegula.

Epulo

Timatumba ta njere ta maukwati a mu Januwale tinakhwima patapita masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo tinkathyola kalikonse kakayamba kung'ambika kunsonga, chifukwa njere zake zili ndi mapiko opyapyala ndipo mphepo imazitenga tsiku lomwelo. Ndaona kuti pamene wakunja anali mayi, njere zinali zambiri ndi zonenepa kusiyana ndi pamene mayi anali wakutchire. Timatumba tiwiri tataya mapepala ake ndi mvula yamkuntho, ndipo njere zake taziika mu envulopu yolembedwa kuti bambo sakudziwika. Tidzazifesa ngati malo atsala.

Chodetsa nkhawa chili pa 31. Mungu wake ndi wochepa, ndipo mwa maluwa asanu ndi atatu amene tinamukwatitsa ndi woyera, atatu okha ndiwo agwira, ndi njere zosakwana khumi m'kathumba kalikonse, zina mwa izo zopanda kanthu m'kati. Gladiolus wa m'minda amakhala ndi ma chromosome 60 (timaulusi ta m'kati mwa maselo tonyamula zotengera kumakolo), pamene Gladiolus dalenii amapezeka ndi 60 m'madera ena ndi 90 m'madera ena. Ngati wathu ali ndi 90, ana ake ndi wakunja ali ndi 75, chiwerengero chimene sichigawika bwino popanga mungu ndi mazira, ndipo zimenezi zingafotokoze kuchepa kwa njereku. Chinyezi cha mu Malichi nachonso chikhoza kukhala chifukwa. Chaka chamawa tidzabwereza ukwati womwewu pansi pa denga la pulasitiki, pambali pa ukwati wa akunja okhaokha wofanizira, kuti tisiyanitse vuto la mvula ndi vuto la magazi.

Meyi ndi Juni

Tinasiya kuthirira masamba atayamba chikasu, ndipo takumba anyezi patapita masabata asanu ndi limodzi chichitire maluwa. Masamba onse a pa mabedi a mayeso tawatentha. Kuumitsa anyezi kwativuta chifukwa chiperoni chinayamba msanga, ndipo m'shedi munali chinyezi moti gulu loyamba linayamba nkhungu. Tinawasamutsira pa thandala la waya m'khonde lolowa mphepo, ndipo patapita masabata awiri anyezi akale a pansi anayamba kuchoka mosavuta.

Apa ndi pamene buku la mu Febuluwale ladziyankhira lokha. Anyezi a ana amene anali pa 4 ndi pa 5 atuluka ang'onoang'ono kuposa amene tinabzala, ndipo wa nambala 14 ndi wophwatalala wokhala ndi tiana tisanu tokha, pamene 31 watulutsa anyezi awiri okhwima ndi tiana 38, ndipo 22 watulutsa tiana toposa 50. Kuchuluka kwa tiana ndi khalidwe la wakutchire, ndipo n'kofunika kwa ife, chifukwa mtundu wosabereka tiana sungafike m'manja mwa alimi ngakhale utakongola bwanji. Tiana ta makolo akunja tikudikira kuti tigone bwino tisanativiike m'madzi otentha madigiri 55 kwa mphindi 30 pofuna kupha Fusarium ndi tizirombo ta thrips tobisala m'makoko, koma tiana ta ana anayi osankhidwa sititiviika chaka chino, chifukwa chipangizo chathu choyezera kutentha chikalakwitsa ndi madigiri ochepa chabe tikhoza kupha zonse zimene tili nazo.

Pa tianyezi ta chaka chachiwiri, timene tinangotulutsa masamba, tachotsa onse amene anafika pa 4 ndi pa 5 tisanaone n'komwe maluwa awo. Ndinachita zimenezi dala, nditaphunzira pa nambala 14 kuti duwa likatsegula chiweruzo changa chimafooka.

Julayi

Anyezi onse alowa m'filiji m'timatumba ta neti, aliyense ndi kachitsulo ka nambala yake m'kati ndi kena kunja. Njere zili m'maenvulopu 19, ndipo tidzazifesa mu Sepitembala kukayamba kufunda, m'mabokosi a mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi kompositi wosefa, mozama sentimita imodzi. Mbande zake zimamera ngati udzu, tsamba limodzi lowonda, ndipo chaka chatha ndinazulapo mzere wathunthu ndi dzanja langa popalira, kotero kuti chaka chino mabokosi onse akhala pa thandala lokwezeka ndipo wopalira akhala munthu mmodzi.

Tiana ta 8, 22, 31 ndi 40 tatigawa kale patatu, kuti dzinja likudzali aliyense adzabzalidwe malo atatu osiyana: pakati pa bedi, kumapeto kwa bedi, ndi kumunsi kwa munda kufupi ndi dambo kumene nkhungu imachedwa kuchoka. Nambala 40 ndamulembera mzere wa kudambo woyandikana ndi wapinki mbali zonse ziwiri.